Mfuti ya Agogo ndi Sandipepa wa Malume

Munthu amene anandilakwira ndi malume anga a Dyson, achimwene awo a mayi anga, bere limodzi. Anandipatsa sandipepa ndi manja awo n'kundiuza kuti ndikweche mfuti ya agogo mpaka iwale. Nditakwecha, zinthu zitaipa, anandiloza chala pamaso pa mlendo kuti ndaiwononga ndekha mwa chibwana changa, iwo asakudziwa kanthu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Lero ndili ndi ndevu, koma ndikangomva fungo la chitsulo chokwechedwa m'mutu mumanditentha ngati zachitika m'mawa womwe uno. Tsoka lake n'lakuti fungo limenelo ndimalimva tsiku lililonse, poti ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto ku Scarborough.

Ndikukumbukira bwino nyumba yawo ya ku Oakville. Ine ndi mayi tinafikira kumeneko titachoka ku Ndirande, ndipo tinkagona ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, pafupi ndi makina ochapira. Kawindo kathu kanali pamwamba penipeni pa khoma, kolingana ndi kapinga wa panja, moti dziko la Canada ndinayamba kuliona kuchokera kumapazi: nsapato za wobweretsa makalata, miyendo ya agalu, kenako sinowo n'kudzatseka zonse. M'chipindamo munkanunkhira sopo wa zovala za eni nyumba. Pamwamba pankakhala malume, akazi awo anti a Rhoda amene anali nesi, ndi ana awo awiri amene ukawapatsa moni wa Chichewa ankakuyankha m'Chingerezi maso ali pa TV. Malume ankagwira ntchito ku banki ina m'tauni, m'mawa ankanyamuka ndi jekete lalitali kukakwera sitima. Mayi ankasamalira nkhalamba, ndipo ankabwerako miyendo itatupa. Lamulo lawo kwa ine linali limodzi basi: "Pano m'pa eni ake, Mayeso. Tsitsa mawu."

Mfutiyo inkakhala pamwamba pa wodiropu ya malume, yokulungidwa m'chitenje chakale, m'chitini cha mabisiketi. Mmene inalowera m'dziko muno musandifunse ine. Malume ankangoti inabwera m'kontena kalekale pamodzi ndi mipando ya nsungwi. Inali mfuti yaing'ono ya m'manja, ija yokhala ndi kamgolo kozungulira kolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi, imene kuno amati rivova. Chipolopolo panalibe ndi chimodzi chomwe. Inali yolemera modabwitsa, yakuda mofiirira ngati chikwanje chogonera kumunda, ndipo kunsi kwa chogwirira kunkalendewera kamphete komangirirapo chingwe. Inkanunkha makiyi akale osakanikirana ndi utsi wa m'khitchini ya udzu.

Mwini wake anali agogo awo a mayi anga, amene tonse timangoti agogo a Mateyu. Amalawi akabwera kudzawotcha nyama, malume ankatsitsa chitini chija n'kuyamba nkhani. Nkhaniyo inkasintha malinga ndi mabotolo amene adutsa. Pa botolo loyamba, Mzungu wina wa usilikali anawapatsa agogo mfutiyo pothokoza kuti anamuwolotsa mtsinje ali kumsana. Pa lachitatu, agogo anapha nayo kambuku m'munda wa tiyi. Akapitirira pamenepo, agogo anali atailanda kwa Mjeremani ndi manja okha. Mayi, tili awiri kunsi kwathu, ankanena motsitsa kuti agogo anali khukhi pa esiteti ina ku Mulanje, ndipo bwana wawo atamwalira mfuti inangotsalira m'khitchini. Koma ngakhale ankaseka mabodza a achimwene awo, ikafika nthawi yawo yoigwira ankailandira ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono, ngati akulandira chinthu kwa munthu wamkulu. Agogo a Mateyu sanasiye chithunzi. Nyumba yawo inagwa kalekale. Chinthu chokha padziko pano chimene manja awo anachigwirapo chinali chitsulo chimenechi.

Amene anayambitsa nkhani ya chaka chake anali anti a Rhoda, ndipo iwo sindiwada nazo. Ankati mfuti yopanda mapepala m'nyumba ya nesi ndi ngozi: tsiku lina mwana adzaitchula kusukulu, apolisi adzagogoda, ntchito n'kuthera pomwepo. Malume anafunsafunsa ndipo anamva kuti lamulo la kuno limasiyanitsa. Mfuti ya m'manja ya zipolopolo zachikale, ikakhala kuti inapangidwa chisanafike chaka cha 1898, imawerengedwa ngati chinthu chamakedzana, munthu akhoza kuisunga popanda laisensi. Ikakhala ya pambuyo pake, ndiye ndi mfuti ngati mfuti ina iliyonse. Malume sankakayika. "Imeneyi? Imeneyi inaona Azungu oyamba akukwera Shire!" Chinkangofunika ndi munthu wodziwa kuti aione n'kutsimikiza. Ndipo munthuyo analipo mumsewu wathu womwewo: bambo Gordon, nkhalamba yopuma pa ntchito imene inkasonkhanitsa mfuti zakale ndi mabuku ake omwe. Anagwirizana kuti abwere Loweruka masana.

Tsono inu mukudziwa mmene timachitira kukamabwera mlendo. Kwathu mlendo saona fumbi. Ngakhale akudzangofunsa njira, bwalo lisesedwe, mapoto akwechedwe, ana adzole mafuta. Loweruka limenelo nyumba yonse inadzuka ndi phokoso la huva, makina aja oyamwa fumbi. Mayi anali atapita ku shifiti ya m'mawa. Anti anali m'khitchini, fungo la mandasi likutsika mpaka ku besimenti. Malume anatsitsa chitini, n'kufunyulula chitenje pafupi ndi windo, n'kuitembenuza mfuti uku ndi uku nkhope itakwinyika.

"Mzungu aone zimenezi?" anatero. "Adzati Amalawi ndife auve. Mphwanga, tabwera kuno."

Ananditengera ku galaja. Anatsekula kabati yawo ya zipangizo n'kutulutsa sitiliwulu, ufa uja wokwechera mapoto, ndi sandipepa wokhakhala amene anatsala pokonza matabwa a pakhonde. Anandikhazika pa ndowa yovundikira, n'kundiika mfuti pamiyendo.

"Dzimbiri lonseli lichoke. Ndikufuna mlendo akaiona adziwe kuti banja lino limasamala zinthu."

Musaganize kuti ndinadandaula. Ndinanyada! Kanali koyamba kundilola kuigwira ndekha, ana awo omwe anali asanaigwirepo. Komanso ntchito yokwecha inali yanga yeniyeni. Ku Ndirande poto wakuda bii ndinkamubweza kukhala galasi ndi mchenga ndi phulusa basi, azimayi oyandikana nafe mpaka kumandibwereka. Ndiye ndinakhala m'galaja mozizira muja, mukununkha petulo wa makina otchetchera kapinga, masamba ofiira akulowa pansi pa chitseko, ndi kuyamba. Choyamba chinachoka chofiirira chija. Pansi pake panali mtundu wina wakuda mobiriwira, wosalala, umene ndinaganiza kuti ndi litsiro louma. Nawonso unachoka. Kenako chinatulukira chitsulo choyera, ndipo mtima wanga unati, eya, tafika.

Ndikukwecha choncho ndinayamba kuona tinthu timene poyamba sitinkaoneka bwino. Pamwamba pa mpope panali zilembo zing'onozing'ono. Pambali panali kachidindo kooneka ngati chisoti chachifumu, ndi kena ngati phazi la nkhuku. Ndipo pathupi pa mfuti, kutsogolo kwa chokhethemulira, panali mzere wa manambala. Vuto linali lakuti zakuda zija zinakhazikika m'kati mwa zilembozo, sitiliwulu osafikamo. Ndinathamanga kukawaitana malume, amene anali kupukuta mawindo a pabalaza. Izi ndikufuna muzimve bwino: ndinawaitana, ndinawasonyeza ndi chala changa, ndinafunsa ngati pamenepa ndisiye.

"Usiye bwanji? Zakudazo ndi dzimbiri lomwelo. Likakhala m'kati limadya chitsulo. Tenga sandipepa."

Ndinatenga sandipepa. Zala zinasupuka, zikhadabo zinada, mapewa anawawa, koma manambala aja anali okanika. Ankazilala pang'onopang'ono koma osachoka. Malume atabweranso n'kuyang'ana wotchi, anati ndikuchedwa ngati kamba. Anaimanga mfuti pa vayisi, chitsulo chopanira zinthu, analumikiza kamwala konolera ku makina obowolera, n'kundiuza kuti ndiime kumbuyo. Phokoso lake linali ngati chigayo. Moto unathetheka mpaka pa njinga za ana awo, ine manja kumaso ndikusuzumira pakati pa zala. Posakhalitsa anazimitsa, n'kuuzirapo mpweya, n'kuikweza m'mwamba. Inali kuwala ngati supuni yatsopano. Anaipaka mafuta ophikira ndi kansalu, anandisisita m'mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, uli ndi manja." Ndinakasamba ndikuimba.

Mayi anafika masana atatopa, anangosintha yunifomu n'kukwera kudzathandiza kuika makapu. Mfuti inali kale pa thireyi, pa kansalu koyera koluka, yovundikiridwa ndi kansalu kena ngati keke ya ukwati, ndiye mayi sanaione. Bambo Gordon anafika atanyamula mabuku, kagalasi kokuzira zinthu ndi magolovesi oyera a nsalu. Anafuna kuyamba ntchito pomwepo, koma kwathu sizitero. Anamwa tiyi, anadya mandasi, anamva za kambuku wa m'munda wa tiyi. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi khomo, zala zanga zakuda nditaziika poonekera dala, kudikira kuti andiyamikire.

Malume anavundukula kansalu kaja.

Nkhope ya nkhalamba ija sindidzaiiwala. Sanakuwe, sanatukwane. Anangovula magalasi, n'kutsinzina, n'kukhala choncho ngati munthu amene wamva za maliro. Magolovesi aja anawabweza m'thumba osawavala. Kenako anati, motsitsa, "Dyson, paja ndinakuuzani kuti muisiye mmene ilili."

Ndiye kuti anawauza! Koma malume anazimva ngati mmene timamvera mlendo akati musavutike kuphika. Mlendo akatero ndiye pogwira nkhuku pamenepo. Anaganiza kuti Mzungu akungochita ulemu.

Bambo Gordon anaitenga mfuti ija, anakankha kachitsulo ka pambali, ndipo inathyoka pakati n'kuyasama. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti imatseguka choncho. Anayamba kuiwerenga ngati mmene munthu amawerengera nkhope ya mwana n'kudziwa kuti ndi wa banja liti. Kathyokedwe ka pamwambaka, anati, ndi kamphete ka chingwe, zikusonyeza kuti ndi ya ku Mangalande, ya asilikali. Chogwirira chopindika ngati mutu wa mbalame, mpope waufupi, kukula kwa bowo, kaumbidwe ka kanyundo ka kumbuyo, zonsezi zinawauza mtundu wake. Malume anayamba kumwetulira. Koma nkhalamba ija inapukusa mutu. Mtundu umenewu, inati, anayamba kuupanga chaka chija chisanakwane n'kupitiriza mpaka chitadutsa. Ziwiri zikhoza kufanana ngati mapasa, ina n'kukhala yamakedzana, ina ayi. Chowasiyanitsa ndi nambala basi.

Anaika chala pamalo paja, kutsogolo kwa chokhethemulira. Panali kadzenje kosalala. Anayang'ana kunsi kwa mpope ndi kagalasi kawo, pamene nambala imabwerezedwa, n'kupeza mizere ya sandipepa wanga yokhayokha. Kumbuyo kwa kamgolo, kumene zala zanga sizinafike, kunatsala timanambala tingapo. Malume anadumpha: "Ndi imeneyotu!" Ayi ndithu. Amenewo anali manambala akumapeto okha, amene amisiri ankadinda kuti zigawo za mfuti imodzi zisasokonekere ndi za inzake. Chaka chimadziwika ndi oyambirira. Tizidindo tija, kachisoti ndi phazi la nkhuku limene kwenikweni linali muvi wa boma, tikanathandiza kudziwa amene anaiyesa ndi nthawi yake. Nato tinali titapita. Ndipo panali china choposa pamenepo: mfuti yofufutidwa nambala ndi mlandu pawokha, kaya ndi ya liti. Anawalangiza malume kuti aimbire apolisi okha, asainyamule kupita nayo, adzaitenge pakhomo.

Kenako bambo Gordon anafunsa, osati mokalipa, koma ngati munthu amene akulephera kumvetsa, "Koma wachita zimenezi ndani?"

Ndinaona malume akuyang'ana mlendo, n'kuyang'ana akazi awo, n'kuyang'ana mlongo wawo. Kenako chala chinabwera kwa ine.

"Ana a masiku ano. Waitenga yekha m'mawa ine ndili kalikiliki ndi mawindo. Ndangoipeza ili chonchi. Ndimati ndibise manyazi."

Poyamba ndinaganiza kuti ndi nthabwala. Ndinayang'ana anti a Rhoda, poti makina aja anamveka nyumba yonse, koma iwo anali kuyang'ana tiipoti ngati akuiona koyamba. Mayi anali ataimirira, dzanja pakamwa, maso pa chitsulo chowala chija. Atatembenukira kwa ine anaona zala zanga, zija ndinaziika poonekera dala.

"Mayeso, n'zoona?"

"Amalume ndi amene anati..."

Sindinamalize. Khofi linafika kaye. "Wawononga, tsopano ukufuna kunamizira akulu? Gwada upepese!"

Ndinagwada pa kapeti imene ndinali nditathandiza kuyeretsa m'mawa womwewo. Ndinapepesa malume, ndinapepesa mlendo. Bambo Gordon, atasokonezeka, anati mwana asamenyedwe, ana amalakwitsa, iwonso ali mwana anapentapo wotchi ya bambo awo. Ankafuna kundithandiza, koma chifundo chawocho chinandiwawa kuposa khofi. Ndipo malume, malume anga, anandigwira paphewa n'kunena kuti andikhululukira. Asa!

Apolisi anabwera m'kati mwa sabata, awiri, aulemu kwambiri, mpaka kufunsa ngati avule nsapato. Anamva kuti ndi mwana anaikwecha, anaona chitini ndi chitenje, ndipo nkhani sinapite patali. Asanaiike m'bokosi, mmodzi anafunsa ngati pali wofuna kuigwira komaliza. Mayi anatambasula manja awiri monga mwa masiku onse, kenako anawabweza. "Si imeneyi," anatero, n'kutsika ku besimenti. Chitenje chija anachisunga, mpaka pano chili m'sutikesi yawo.

Sanandimenyenso, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Bola akanamandimenya. Anangoyamba kundichotsera zinthu m'manja. Ndikanyamula mbale ya dothi, "Siya, ndinyamula ndekha." Ndikagwira foni yawo, "Bweretsa." Ndinayesapo kuwafotokozera tili awiri, makina ochapira akulira kuti pamwamba asamve, koma ankandidula: "Atisunga, atidyetsa, iwe ukufuna uwavule pagulu? Zinatha zimenezo." Kwa iwo zinatha. Kwa malume zinali zikungoyamba, chifukwa anali atapeza nkhani yatsopano yolowa m'malo mwa kambuku. Pa zowotcha nyama, pa maphwando a tsiku la ufulu, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ankandiitana kuti Sandipepa. Dzinalo linayenda kuchokera ku Oakville mpaka ku Brampton. Azibambo osandidziwa ankandipatsa moni akuseka, "Ndiwe uja wa mfuti eti?" Mnyamata wina wa Chimalawi analibweretsa kusukulu, ndipo ndinamuthyola dzino. Kameneko kanali koyamba kundiimitsa sukulu, sikanali komaliza. Ndinasiyira giredi teni. Sindinena kuti zonse ndi malume, mutu wanga unali wouma kale. Koma mwana amene aliyense akudziwa kuti ndi wowononga savutika kupeza chowononga.

Chodabwitsa n'chakuti mfuti zakalezi zinandikakamira. Ndilibe mfuti ine, sindiifunanso, ndi mtima wangawu bola ndikhale kutali nayo. Koma pa nthawi yopuma kuntchito, anzanga akamaonera mpira pafoni, ine ndimapezeka ndikuyang'ana zithunzi za marivova. Pano ndikhoza kukuuzani kuti iyi ndi ya ku Mangalande, iyi ya ku Amereka, iyi chogwirira anachisintha, iyi kamgolo si kake chifukwa manambala sakugwirizana. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima n'kuona mmene eni ake amalemekezera kuda kofiirira kuja. Amakujambula pafupi, amakutamanda, amati ndiwo umboni wa zaka. Ine ndinakhala m'mawa wonse ndikukuchotsa ndi magazi a zala zanga, ndikuimba! Nthawi zina ndimaona yofanana ndendende ndi ya agogo, nambala yake ili bwinobwino, pansi atalemba chaka. Ndimayesa kukumbukira manambala amene ndinawaona tsiku lija. Ndinawayang'ana kwa nthawi yaitali kuposa munthu wina aliyense wamoyo, koma ndinkawayang'ana ngati litsiro. Palibe ndi imodzi yomwe inakhala m'mutu.

Zinthu zasintha, n'zoona. Lero munthu asanakhudze chinthu amayamba wachijambula. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ukamupatsa sandipepa amayamba wafunsa foni, n'kukuuza kuti amalume, apa akuti osatero. Ana okulira kuno amakana pamaso pa bambo awo, dziko osagwa. Ife tinabwera ndi ulemu wathu wonse m'sutikesi, n'kukaufunyulula ku besimenti kwa eni, kumene unalemera kawiri. Sindinena kuti ulemu ndi woipa. Mayi anga anandilera nawo okha m'dziko lozizira, ndipo lero ali ndi kanyumba kawo ka lendi kamene makiyi ake ndi awo. Koma ine kuntchito, galimoto yakale ikabwera, ndimafunsa mwini wake kawiri ndisanayatse makina, ndipo pamene pali nambala ndimamatapo tepi kaye. Abwana amati ndimachedwa. Achedwe nazo.

Ndikanatha kufa nazo chete, chipanda za ukwati. Ndinapeza mtsikana, Tadala, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Markham, kwawo ku Dedza. Iyeyu nkhani ya mfuti ndinamuuza yonse tisanapite patali, kuopa kuti aimva kwa ena. Itafika nthawi yokaonekera kwa abale ake, mayi anati mwambo ndi mwambo ngakhale ku Canada: wondiyankhulira akhale malume. Ndinakana, ndinamenyetsa chitseko, ndinayenda wapansi mpaka ukali utatsika, kenako ndinavomera. Tadala anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku limenelo ndikhale ngati mwala. Amalume ake, a Mbewe, anali atamva kale kuti mnyamatayo sukulu sanamalize ndiponso ndi wamtima wapachala, ndiye ankangofuna chifukwa.

Tinakumana Lamulungu masana kunyumba kwa a Mbewe. Kumudzi ine sindikanakhalapo n'komwe, akuluakulu akanakambirana okha, koma kuno balaza ndi limodzi ndipo aliyense ali ndi shifiti mawa, ndiye tonse tinadzazana momwemo. Nsapato mulu pakhomo, azimayi mbali iyi, azibambo mbali iyo. Ine ndinavala jekete lobwereka lothina m'khwapa. Malume anayankhula bwino, ndisaname. Chichewa chawo pa zinthu ngati izi n'chokoma. Ananena za banja lathu, za mayi anga ndi kuvutika kwawo, za ine kuti ndine wolimbikira ntchito. A Mbewe anayamba kugwedeza mutu. Ndinamva mapewa anga akutsika. Ndinati lero nkhalambayi yandiombola.

Kenako anaika kapu pansi n'kumwetulira kumwetulira kuja ndimakudziwa.

"Koma poti tikhala abale, tisabisane. Mnyamatayu manja ake sakhala phee. Ngati muli ndi chinthu chakale m'nyumba muno, a Mbewe, mubise. Ife tinali ndi mfuti ya agogo athu..."

Ndipo anaifotokoza yonse. Mmene anandipezera m'galaja ndili kalikiliki, mmene anagwirira mutu, mmene Mzungu anatsala pang'ono kukomoka, mmene anandikhululukira. Anthu anaseka. A Mbewe anaseka pang'ono, koma maso awo anali pa ine, akuyeza. Tadala anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'onopang'ono kuti ayi, chonde, ayi. Ndipo ndikanapirira, Mulungu akudziwa. Ndinali nditaluma kale mano. Koma ndinayang'ana mayi. Anali atavala chitenje chawo chatsopano ndi duku lake, ataweramitsa mutu, akuseka kaseko kakang'ono ka manyazi, kopepesera mwana wawo kwa anthu achilendo. Tsitsi la m'mbali mwa duku linali loyera. Ndinaona kuti mayi awa akukalamba akukhulupirira zimenezi, ndipo adzapita nazo.

Ndinaimirira. Jekete linang'ambika m'khwapa, ndinalimva. Sindinakuwe.

"Malume, pepani, ndakudulani pamaso pa apongozi, koma nkhaniyi muimalize bwino. Sandipepa uja munatulutsa ndinu m'kabati mwanu. Nditakusonyezani manambala munati ndipitirize. Makina aja munagwira ndinu, ine ndinali kumbuyo manja kumaso. Anti a Rhoda ali apa, anamva. Ndinali mwana wa ku besimenti, ndinalibe kolowera, ndiye munandisenzetsa. Ndasenza, zakwana. Akandikaniza Tadala chifukwa cha pakamwa pangapa ndikalira ndekha, koma mayi anga sapita kumanda akuganiza kuti chinthu cha agogo awo ndinawononga ndine. Musayang'ane ine, malume. Yang'anani mlongo wanuyo, muwauze."